Kunenepa kwa kernel: n'chifukwa chiyani rauta yamoyo imatayidwa kudzala?

Tikamva mawu oti kompyuta, ambirife timaganiza za makina a sikirini ndi kiyibodi ngati amene timagwiritsa ntchito pa phunziro la Computer Studies. Koma makompyuta ochuluka zedi padziko lapansi alibe sikirini kapena kiyibodi, ndipo eni ake sadziwa n'komwe kuti ali nawo. Amakhala m'kati mwa mita ya magetsi yothira mayunitsi, dikoda ya TV, rauta ya Wi-Fi, kamakina kolipirira ndi khadi m'sitolo, kabokosi koyang'anira batire la sola, ngakhalenso m'galimoto. Pa Chingerezi amawatchula kuti embedded devices. Ife m'nkhani ino tiziwatchula kuti makompyuta obisika.

Makina amenewa ali ndi vuto limene silioneka ndi maso. Malo awo osungira mapulogalamu ndi ochepa, ndipo amawotchereredwa pa bolodi kufakitale moti mwini wake sangawonjezere. Koma mapulogalamu owayendetsa amakula chaka ndi chaka. Limafika tsiku loti pulogalamu yatsopano sikwananso m'chipangizocho. Chipangizo chimakhala chikuyaka bwinobwino, timagetsi take tikuthwanima, koma chatsala m'mbuyo ndipo palibenso wochisamala. Tiyeni tione mmene zimenezi zimachitikira potsatira mbiri ya kernel ya Linux, yomwe ili m'mafoni onse a Android, m'marauta ambiri ndi m'ma TV ambiri amakono.

Kodi kernel n'chiyani?

Kompyuta iliyonse yokulirapo imakhala ndi pulogalamu yoyang'anira zonse yotchedwa operating system, monga Windows, Android kapena Ubuntu. Pakatikati pa pulogalamu imeneyi pali gawo lotchedwa kernel. Tingaiyerekeze ndi kapitawo wa pa esiteti. Kapitawo salima ndipo sathyola tiyi, koma atapanda kukhalapo antchito angalimbirane makasu, anthu atatu n'kuunjikana pamzere umodzi pamene mzere wina ulibe munthu.

Kernel nayo ili ndi ntchito zazikulu zinayi. Imagawira mapulogalamu nthawi yogwiritsa ntchito purosesa, mosinthana mofulumira kwambiri moti ife timaona ngati onse akuyenda nthawi imodzi. Imapatsa pulogalamu iliyonse malo ake mu RAM ndi kuletsa kuti ina isalowe m'malo a inzake. Imasunga mafayilo ndi kuyendetsa mauthenga a pa netiweki. Chomaliza, imalankhula ndi zida zenizeni monga kamera, sipika kapena wailesi ya Wi-Fi, kudzera m'timapulogalamu totchedwa ma driver. Chida chilichonse chili ndi chinenero chake, choncho chimafuna driver wakewake womasulira.

Tisanapitirire, tisiyanitse malo awiri amene tiziwatchula pafupipafupi. Flash ndi malo amene pulogalamu imagona makina akazimitsidwa, ngati thiranki la wophunzira wogonera pasukulu. RAM ndi desiki imene wophunzirayo amayalapo mabuku akamawerenga. Thiranki likachepa, katundu wina amatsala kunyumba. Desiki ikachepa, mabuku amagwa pansi. Kernel imafuna malo monsemo, ndipo imasiyana ndi mapulogalamu ena pa chinthu chimodzi: WhatsApp tikhoza kuitseka n'kumasula desiki, koma kernel ikangolowa mu RAM imakhalamo mpaka makina atazimitsidwa. Malo amene yatenga, yatengeratu.

Kuchokera pa mizere 10,239 kufika pa 40 miliyoni

Mu 1991, Linus Torvalds anali wophunzira wa zaka 21 pa yunivesite ya Helsinki ku Finland. Anagula kompyuta ya purosesa ya Intel 386 yokhala ndi RAM ya 4 MB yokha, n'kuyamba kulemba kernel yakeyake. Mu Seputembala chaka chomwecho anatulutsa Linux 0.01, yomwe inali ndi mizere ya code 10,239. Anthu ena atayamba kumuthandiza kudzera pa intaneti, ntchitoyo inakula msanga. Linux 1.0 inatuluka mu Malichi 1994 ili ndi mizere 176,250. Pofika Disembala 2003, Linux 2.6.0 inali ndi mizere pafupifupi 6 miliyoni. Kumayambiriro kwa 2020 inali itapitirira 27 miliyoni, ndipo mu Januwale 2025 inadutsa 40 miliyoni. Kernel yatsopano imatuluka pakatha milungu 9 kapena 10 iliyonse, ndipo pafupifupi nthawi zonse imakhala yaikulu kuposa yam'mbuyo. Akulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Eni ake a ntchitoyi sabisa. Mu Seputembala 2009, pa msonkhano wa LinuxCon mumzinda wa Portland ku America, katswiri wina wa kernel, James Bottomley, anatchula kafukufuku wa kampani ya Intel wosonyeza kuti liwiro la Linux linatsika ndi pafupifupi 12 peresenti pa mitundu khumi yotsatizana. Torvalds sanakane. Anavomera pagulu kuti kernel yanenepa ndipo yakula mopitirira, ndiponso kuti limeneli ndi vuto. Nthawi imeneyo mizere inali pafupifupi 12 miliyoni. Lero yachuluka kuposa katatu.

Si zonse za m'golosale zimene zimalowa m'jumbo

Apa tiyenera kusamala, chifukwa nambala ya 40 miliyoni ikhoza kutisocheretsa. Palibe foni kapena rauta imene imasenza mizere yonseyo. Mizereyi ili ngati katundu wa m'golosale yaikulu: muli sopo, misomali, mbewu, makandulo ndi zina zambiri, koma wogula amatuluka ndi zokhazo zimene waika m'jumbo.

Kuposa theka la mizere ya Linux ndi ma driver a zida zosiyanasiyana. Driver mmodzi yekha, wa zida zoonetsera zithunzi za kampani ya AMD, ali ndi mizere yoposa 5 miliyoni, ndipo yambiri mwa iyo ndi mindandanda ya manambala yolembedwa ndi makina. Rauta ilibe sikirini, choncho sitenga ngakhale mzere umodzi wa driver ameneyu. Palinso magawo a mitundu yosiyanasiyana ya mapurosesa monga x86, ARM, MIPS ndi RISC-V, ndipo chipangizo chimatenga gawo limodzi lokha.

Munthu wokonza kernel ya chipangizo chake amayankha mafunso a dongosolo lotchedwa Kconfig, lomwe lili ndi zosankha zoposa 10,000. Pa zambiri mwa izo angayankhe m'njira zitatu: Y, kutanthauza kuti gawolo limangidwe m'kati mwa kernel, M, kutanthauza kuti lisungidwe padera ngati module, lizilowa pokhapokha likafunika, kapena N, kutanthauza kuti lisiyidwe. Akamaliza, pulogalamu yotchedwa compiler imasandutsa zosankhidwazo kukhala fayilo imodzi imene purosesa imamva.

Ndiye ngati munthu angathe kusankha, vuto lili pati? Lili pa katundu amene sangakanidwe. Ngakhale titayankha N paliponse pamene n'zotheka, pamatsala phata la kernel: gawo logawa nthawi, logawa RAM, losunga mafayilo, ndipo pa rauta, loyendetsa netiweki. Phata limeneli nalo limakula. Kukula kwa golosale sikuvutitsa kachipangizo kakang'ono. Chimene chimakavutitsa n'chakuti jumbo laling'ono kwambiri limene munthu angatuluke nalo likulemera chaka chilichonse.

Chimanenepetsa phata n'chiyani?

Choyamba ndi chitetezo. Akuba a pa intaneti akapeza njira yatsopano yolowera, akatswiri amawonjezera mpanda, ndipo mpanda uliwonse ndi mizere ina ya code. Mwachitsanzo, mu Januwale 2018 kunaululika zofooka ziwiri za m'mapurosesa ambiri amakono, zotchedwa Meltdown ndi Spectre. Purosesa yomwe yagulitsidwa kale singakonzedwenso, choncho ntchito yaikulu yotseka mipatayo inagwera kernel.

Chachiwiri ndi malamulo atsopano a kalankhulidwe ka makina. Maadiresi akale a intaneti, a IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu ya padziko lonse inatha kugawidwa mu Febuluwale 2011. Olowa m'malo mwake, a IPv6, ndi aatali kanayi. Popeza akalewo akugwirabe ntchito, rauta yamakono iyenera kudziwa zinenero zonse ziwiri.

Chachitatu ndi lamulo limene Torvalds amaliteteza mwamphamvu: kernel yatsopano isawononge pulogalamu imene inkayenda bwino pa kernel yakale. Lamuloli ndi labwino kwa ogwiritsa ntchito, koma zotsatira zake n'zakuti kuwonjezera n'kosavuta pamene kuchotsa n'kovuta. Njira yatsopano ikabwera, yakale imakhalabe pambali pake kwa zaka zambiri.

Chachinayi ndi ndalama. Ambiri mwa anthu olemba Linux masiku ano ndi olembedwa ntchito ndi makampani akuluakulu monga Intel, Google, Red Hat ndi AMD. Makina amene makampaniwa amawaganizira kwambiri ndi maseva, malaputopu ndi mafoni okhala ndi RAM ya ma gigabyte. Tiyerekeze kuti wina wawonjezera chinthu cholemera 50 KB. Pa foni palibe angazindikire. Koma pa kachipangizo ka flash ya 4 MB, yomwe ndi 4,096 KB, chinthu chomwecho chadya kuposa 1 peresenti ya thiranki lonse. Zowonjezera makumi angapo zoterezi zikatsatizana, thiranki silitsekekanso.

Tisaiwale kuti chilichonse mwa zowonjezerazi chili ndi chifukwa chomveka. Palibe amene amadzuka m'mawa n'cholinga chonenepetsa kernel. Aliyense amabweretsa kakatundu kake kofunika, koma wosenza ndi mmodzi.

Nkhani ya marauta a 4/32

Chitsanzo chomveka bwino chili pa marauta a m'nyumba. Kumapeto kwa 2002, kampani ya Linksys ya ku America inatulutsa rauta yotchedwa WRT54G, ya flash ya 4 MB ndi RAM ya 16 MB. Mu 2003 anthu anatulukira kuti m'kati mwake muli Linux. Chilolezo cha Linux, chotchedwa GPL, chimalamula kuti aliyense wogulitsa chipangizo chokhala ndi Linux apereke code yake kwa ogula, ndipo kampaniyo inachita zimenezo. Pa code imeneyi m'pamene mu 2004 panabadwira OpenWrt, pulogalamu yaulere imene anthu odzipereka amakonza kuti ilowe m'malo mwa pulogalamu ya kufakitale pa marauta a makampani osiyanasiyana. Ubwino wake waukulu ndi woti imapitiriza kutseka mipata ya chitetezo ngakhale kampani yopanga rautayo itasiya kale kuisamala.

Mu 2005, Linksys inachita chinthu chimene chimatiphunzitsa za malonda amenewa. Pa mtundu wachisanu wa WRT54G inachotsa Linux n'kuikamo VxWorks, pulogalamu yocheperapo, ndipo inadula flash kufika pa 2 MB ndi RAM kufika pa 8 MB. Ofuna Linux anawapangira mtundu wapadera wotchedwa WRT54GL. N'chifukwa chiyani kampani yaikulu ingavutike ndi ma megabyte ochepa chonchi? Tiyerekeze kuti tchipi chaching'ono chikupulumutsa masenti 50 a ku America pa rauta imodzi. Pa marauta 1 miliyoni, ndalamazo ndi madola 500,000. Choncho wopanga amaika malo ongokwanira pulogalamu ya chaka chimene akugulitsa, osasiya mpata woti idzakule.

Kwa zaka zambiri marauta otchipa ankabwera ndi flash ya 4 MB ndi RAM ya 32 MB, moti a OpenWrt anawapatsa dzina loti 4/32. Imodzi mwa yotchuka ndi TL-WR841N ya kampani ya TP-Link, yomwe mitundu yake ingapo inali yotero. Kuti timvetse kuchepa kwa 4 MB, tikumbukire kuti nyimbo imodzi ya MP3 kapena chithunzi chimodzi cha pa foni yabwino chikhoza kulemera chomwecho.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa 4,096 KB, tichotse 128 KB za kapulogalamu kodzutsa makina ndi 64 KB zosunga miyeso ya wailesi ya Wi-Fi. Zatsala 3,904 KB. Kernel, ngakhale itafinyidwa ngati zovala za m'belo, imatenga kupitirira 1 MB. M'malo otsalawo muyenera kulowa ma driver a Wi-Fi, pulogalamu yogawa maadiresi, mpanda wa chitetezo, tsamba limene mwini rauta amatsegula posintha zinthu, komanso kampata kosungira dzina la netiweki ndi pasiwedi. Kernel ikakula ndi 100 KB, china chake chiyenera kutuluka. Kampata komalizako kakachepa kwambiri, rauta imayamba khalidwe lodabwitsa: mwini wake amasintha pasiwedi, zonse n'kuoneka bwino, koma magetsi akangothima n'kuyakanso imakhala yaiwala zonse. Ku mbali ya RAM nakonso kumakhala kothina. Anthu akachuluka pa Wi-Fi desiki imadzaza, kernel imayamba kupha mapulogalamu ena kuti ipeze malo, ndipo nthawi zina rauta imazima n'kudziyatsanso yokha.

A OpenWrt analimbana nazo kwa zaka zingapo, akuchotsa ichi ndi icho, koma mapeto anafika. Mtundu wa 19.07, womwe unatuluka mu Januwale 2020, unali womaliza kuthandiza marauta a 4/32. Wotsatira wake, 21.02, unatuluka mu Seputembala 2021 ukufuna flash yosachepera 8 MB ndi RAM yosachepera 64 MB. Si kernel yokha inachititsa. Mtunduwu unabweranso ndi WPA3, njira yatsopano yotetezera Wi-Fi ya mu 2018, imene inadza pambuyo poti katswiri wa ku Belgium, Mathy Vanhoef, waonetsa mu 2017 kufooka kwa WPA2. Palibe angatsutse kuti chitetezo chimenechi n'chofunika. Komabe marauta ambirimbiri opanda chilema chilichonse anatsekeredwa kunja.

Bwanji osangoisiya pa kernel yakale?

Wina angafunse kuti, ngati chipangizo chikuyenda bwino ndi kernel yakale, tikuvutikiranji? Yankho lake n'lakuti zolakwika za m'mapulogalamu zimabisala nthawi yaitali. Mu Okutobala 2016 kunaululika cholakwika chotchedwa Dirty COW, chimene chinkalola pulogalamu wamba kulanda ulamuliro wonse wa makina. Chinali chitakhala mu kernel kuyambira 2007, zaka 9 osachizindikira. Akatswiri anachikonza m'masiku ochepa, koma mankhwalawo amathandiza chipangizo chokhacho chimene chawalandira. Mafoni ndi makompyuta obisika amene opanga ake anali atawasiya anakhalabe ndi chitseko chosatseka, ndipo tsopano akuba onse anali atadziwa pamene chili.

Mwezi womwewo dziko linaona zimene makina osasamalidwa angachite. Pulogalamu yoipa yotchedwa Mirai inkayendayenda pa intaneti kufunafuna makamera ndi marauta, n'kumayesa mapasiwedi a kufakitale pafupifupi 60 amene eni ake sanasinthe. Makina ogwidwawo ankasanduka gulu lankhondo lomvera munthu mmodzi. Pa 21 Okutobala 2016 anawatuma kuti athire mauthenga ochuluka pa kampani ya Dyn, ndipo Twitter, Netflix ndi masamba ena akuluakulu anasowa kwa maola angapo ku America ndi ku Ulaya. Mirai sinalowere pa kunenepa kwa kernel, koma inaonetsa kuti kachipangizo koiwalika pakona ya nyumba kakhoza kupweteka anthu a kutali amene mwini wake sanawaonepo.

Palinso nkhani ya nthawi. Chaka chilichonse kernel imodzi imasankhidwa kuti isamalidwe nthawi yaitali, ndipo imatchedwa LTS. Ina, monga 4.4 ya mu Januwale 2016, inasamalidwa zaka 6. Koma mu 2023 kunalengezedwa kuti nthawiyi ibwerera ku zaka ziwiri, chifukwa osamalirawo ndi ochepa ndipo ntchito inawachulukira. Tsono mita ya magetsi, makina a m'chipatala kapena a m'fakitale amagulidwa kuti agwire ntchito zaka khumi kapena kuposerapo. Chipangizo chimakhala pakati pa miyala iwiri: kernel yakale palibe akuisamala, yatsopano sikukwana.

Mapeto ake ambiri amangochitaya n'kugula china. Lipoti la mabungwe a United Nations la mu 2024 linapeza kuti mu 2022 dziko lonse linataya matani 62 miliyoni a zinyalala za zipangizo zamagetsi, ndipo zosakwana kota ndi zimene zinasonkhanitsidwa ndi kukonzedwanso mwadongosolo. Kwa ife kuno, kumene zipangizo zoterezi zimachokera kunja ndipo zambiri timazigula zitagwirapo kale ntchito, nkhaniyi imakhudza thumba mwachindunji. Rauta yotchipa pa msika ikhoza kukhala yoti inasiyidwa kale ndi oipanga.

Akatswiri amatani?

Njira yoyamba ndi kudula. Mu 2014 kernel inalandira lamulo loti make tinyconfig, lochokera ku ntchito ya katswiri wina dzina lake Josh Triplett. Lamuloli limayankha N paliponse pamene n'zotheka, kenako wokonza amawonjezera zokhazo zimene chipangizo chake chikufuna. Kudula kumathandizanso chitetezo, pakuti gawo limene mulibe silingakhale khomo la wakuba. Kumafulumizitsanso kudzuka kwa makina. Ku America lamulo limafuna kuti kamera yoonera kumbuyo kwa galimoto ionetse chithunzi pasanathe masekondi awiri dalaivala akaika giya yobwerera m'mbuyo, choncho palibe nthawi yodikira magawo osafunika. Kunja kwa kernel, ambiri amagwiritsa ntchito BusyBox, pulogalamu imodzi yaing'ono yogwira ntchito za mapulogalamu mazana angapo. Bruce Perens anaiyamba cha m'ma 1995 kuti Linux ya Debian ikwane pa disiki ya floppy ya 1.44 MB.

Njira yachiwiri ndi kusesa m'golosale momwemo. Linux 3.8 ya mu 2013 inasiya kuthandiza purosesa ya Intel 386, yomwe Torvalds anayambirapo. Linux 4.17 ya mu 2018 inachotsa mitundu 8 ya mapurosesa imene inalibenso oisamalira, ndipo mizere pafupifupi theka la miliyoni inapita nayo. Linux 6.7 ya mu Januwale 2024 inachotsa purosesa ya Itanium. Kusesaku kumapepukitsa ntchito ya osamalira, koma tizindikire kuti kulinso ndi mbali yowawa: makina akale ndi amene amasesedwa.

Njira yachitatu ndi kuvomereza kuti Linux siyenera paliponse. Bolodi ya Arduino Uno, imene ophunzira ambiri amayambirapo, ili ndi flash ya 32 KB ndi RAM ya 2 KB, ndipo imayenda popanda operating system iliyonse. Tizipangizo tokulirapo pang'ono timagwiritsa ntchito FreeRTOS, imene Richard Barry anayamba cha m'ma 2003 ndipo kernel yake imalemera pafupifupi 10 KB, kapena Zephyr, imene bungwe la Linux Foundation linakhazikitsa mu 2016. Palinso kamangidwe kena kotchedwa microkernel, komwe kapitawo amasiyidwa ndi ntchito zochepetsetsa ndipo ma driver amakhala kunja ngati mapulogalamu wamba. Mu 1992 pulofesa Andrew Tanenbaum, mlembi wa MINIX, anatsutsana ndi Torvalds pa nkhani yomweyi, ponena kuti kuunjika zonse mu kernel imodzi ndi nzeru yachikale. Lero QNX, yomwe ndi microkernel, ili m'magalimoto mamiliyoni ambiri. Ina yotchedwa seL4 inali ndi mizere ya C pafupifupi 8,700 yokha pamene mu 2009 akatswiri a ku Australia anatsimikizira mwa masamu kuti imachita ndendende zimene inalembedwera. Zoterezi sizingatheke pa mizere 40 miliyoni.

Njira yachinayi ndi kutalikitsa moyo wa kernel yakale. Makampani monga Siemens, Hitachi ndi Toshiba anagwirizana mu 2016 pa ntchito yotchedwa Civil Infrastructure Platform, yosamalira makernel osankhidwa kwa zaka zosachepera 10, pofuna kuthandiza makina a njanji, a magetsi ndi a m'mafakitale.

Tinenenso chilungamo cha mbali inayo. Kukula kwa golosale ya Linux ndi kumene kumaipatsa mphamvu. Wopanga chipangizo chatsopano amapeza driver, netiweki ndi chitetezo zili kale, zoyesedwa ndi anthu ambirimbiri, ndipo salipira kanthu. N'chifukwa chake Ingenuity, kahelikopita ka NASA kolemera makilogalamu 1.8 kamene kanauluka koyamba pa Mars pa 19 Epulo 2021, kanali ndi Linux. Matchipi nawo atsika mtengo: Raspberry Pi Zero inatuluka mu 2015 pa madola 5 ili ndi RAM ya 512 MB. Koma kutchipa kwa tchipi chatsopano sikuthandiza chipangizo chimene chili kale pakhoma.

Tingatengepo chiyani?

Makolo ndi aphunzitsi amene mukufuna kugula rauta, musangoyang'ana mtengo ndi kuchuluka kwa tinyanga. Fufuzani kukula kwa flash ndi RAM polemba dzina ndi nambala ya rautayo pa intaneti. A OpenWrt amalangiza flash yosachepera 16 MB ndi RAM yosachepera 128 MB kuti chipangizo chikhale ndi mpata wokula. Funsaninso ngati kampani yake ikutulutsabe pulogalamu yatsopano ya mtundu umenewo. Mukafika nayo kunyumba, sinthani pasiwedi ya kufakitale tsiku lomwelo. Pogula foni ya kaunjika, onani deti limene inalandira komaliza zokonza za chitetezo.

Ophunzira, pali zoti muyese sabata ino. Pa foni ya Android ya kunyumba, mutapempha mwini wake, tsegulani Settings, pitani pa About phone, ndipo pa Android version kapena Software information mupeza pamene palembedwa Kernel version. Lembani nambalayo, fufuzani chaka chimene kernel imeneyo inatuluka, n'kuyerekeza ndi za anzanu m'kalasi. Amene mungapeze kompyuta ya Linux, lembani uname -r kuti muone mtundu wa kernel, kenako ls -lh /boot kuti muone kulemera kwa fayilo yake. Werengerani kuti ingakwane kapena ayi mu flash ya 4 MB.

Ena mwa inu mudzalemba mapulogalamu a mapampu a madzi, a zoyezera nyengo kumunda kapena a zipangizo za m'zipatala za kumudzi, makina oyenera kuyenda zaka zambiri pa batire laling'ono. Mu 1995 Niklaus Wirth wa ku Switzerland, amene anapanga chinenero cha Pascal, anachenjeza kuti mapulogalamu akuchedwa mofulumira kuposa mmene makina akufulumirira. Choncho zolowerani kuyambira pa pulogalamu yanu yoyamba kuyeza kulemera kwake musanawonjezere chinthu ndiponso mutawonjezera, ndi kudzifunsa kuti makina ochepetsetsa amene idzayendepo ndi ati, nanga mwini wake angakwanitse kugula ena kapena ayi.